Halla ndi Winkler: analumpha ndani ku Stockholm?

Pa 17 June 1956, m'bwalo la Olimpiki la mumzinda wa Stockholm ku Sweden, mwamuna wa zaka 29 anachita kumukweza anzake pa hatchi chifukwa payekha sakanatha. Mnofu wa m'mphechepeche unali utamukoka koopsa m'mawa wa tsiku lomwelo, ndipo mankhwala opha ululu anali atamuzunguza mutu. Analowa m'bwalo choncho, hatchi yake yaikazi dzina lake Halla n'kulumpha zopinga zonse 14 osagwetsa mtengo ngakhale umodzi. Hans Günter Winkler anatuluka m'bwalomo ali ndi mamendulo awiri agolide, yakeyake ndi ya timu ya Germany.

Ku Germany nkhaniyi amaifotokoza motere: munthu anali atatheratu, hatchi ndiyo inagwira ntchito yonse. Winkler mwiniwakeyo ankaifotokoza choncho mpaka ukalamba wake. Ndi zoona, koma theka chabe. Hatchi siwerenga manambala a zopinga, sidziwa kuti ikachoka pa chachisanu ikhotere kumanzere, ndiponso sibadwa ikudziwa kufupikitsa sitepe isanafike pa mpanda wautali. Kuti timvetse zomwe zinachitika tsikulo, ndi chifukwa chake dzina la munthuyu linakhala pakamwa pa anthu kwa zaka zoposa 60, tiyenera kuyamba ndi masewerawo, mpikisano wolumpha zopinga munthu atakwera hatchi.

M'bwalo amaikamo zopinga 12 mpaka 14, zoikidwa manambala, ndipo wokwera ayenera kuzitsata m'ndondomeko yake. Zina ndi zoima chilili, mitengo yosanjikizana pamzere umodzi. Zina ndi zotambalala, mizere iwiri ya mitengo yokhala ndi mpata pakati, zomwe amati oxer. Palinso dziwe losaya lomwe m'lifupi mwake limafika mamita 4, ndi zopinga ziwiri kapena zitatu zoikidwa mothinana kwambiri zomwe zimapatsidwa nambala imodzi. Pa mipikisano ikuluikulu ya masiku ano mitengo imakwera mamita 1.60 mpaka 1.65, kutanthauza kuti munthu wamkulu wamsinkhu wapakati akaima pafupi, mtengo wapamwamba umamufika m'maso. Oxer imatha kutambalala mpaka mamita 2.

Palibe woweruza wopereka mamalikisi a kukongola. Amangowerenga zolakwa, ndipo wopambana ndi amene ali ndi zochepa. Mtengo ukagwa, mapointi olakwa ndi 4. Phazi la hatchi likaponda m'madzi kapena pa kamzere ka m'mphepete mwa dziwe, ndi 4. Hatchi ikakana kulumpha, lero ndi 4, ikakananso kachiwiri mwatuluka. M'nthawi ya Winkler kukana koyamba kunali 3, kwachiwiri 6, kwachitatu n'kumene munthu ankachotsedwa. Nthawi nayo ili ndi malire: amayeza kutalika kwa njira yonse n'kuwerengera liwiro la mamita 375 kapena 400 pa mphindi, ndipo wochedwa amalipira. Kale sekondi iliyonse yopitirira inkadula kota ya pointi. Kakota kameneka tikumananso nako.

Ntchito yeniyeni ya wokwera ili pakati pa zopinga, osati pamwamba pake. Hatchi ikamathamanga galopu, sitepe yake imodzi imakhala pafupifupi mamita 3.65. Polumpha imanyamuka patali pafupifupi mamita 1.80 chopinga chisanafike, n'kukatera pamtunda wofanana nawo kuseri kwake. Ndiye wokonza bwalo akaika zopinga ziwiri motalikirana mamita 22, wokwera amachotsa mamita 3.65 a kutera ndi kunyamuka, otsalawo n'kugawa ndi 3.65: masitepe asanu. Ichi n'chifukwa chake mpikisano usanayambe mumaona okwera akuyenda wapansi m'bwalo, akutanyula miyendo ngati oyeza malire a munda, milomo ikugwedera. Masitepe anayi aakulu a munthu ndi sitepe imodzi ya hatchi.

Wokonza bwalo wochenjera saika mamita 22. Amaika 23.5. Pamenepo wokwera asankhe: masitepe asanu otambasuka kapena asanu ndi limodzi ofupika. Ndipo asankhe akangotera, osati atafika pakati, chifukwa sentimita iliyonse yomwe sanaikonze pa sitepe yoyamba imamudikira pa yomaliza. Hatchi ikafika pafupi kwambiri ndi chopinga, ilibe mpata wopinda mawondo akutsogolo, ndipo imagunda mtengo ndi miyendo yakutsogolo. Ikanyamukira patali kwambiri, imayamba kutsika isanadutse, n'kugwetsa ndi miyendo yakumbuyo. Pa oxer imatha kutera pa mtengo wakumbuyo, zomwe zimaopseza hatchi mpaka kukana chopinga chotsatira. Pa zopinga zothinana, pomwe pakati pali mamita 7.5 mpaka 8 okha, sitepe imodzi basi, cholakwa cha poyamba chimakula. Mukalowa mozizira, simufika pa chachiwiri. Mukalowa mwaphuma, mwachipanikiza. Msampha wina wodziwika ndi kuika chopinga choima chilili patsogolo pang'ono pa dziwe. Kuti hatchi iwoloke mamita 4 iyenera kuthamanga motambasuka, thupi lili tambalale, ndiye m'masitepe ochepa okha iyenera kudzisonkhanitsa, kulemera kubwerere pa miyendo yakumbuyo, kuti ikwere m'mwamba. Zambiri zimagwetsa pamenepa, ndipo wolakwa kawirikawiri amakhala munthu amene wachedwa kukhala tsonga.

Zonsezi wokwera amazichita ndi zida zitatu: miyendo, kulemera kwa thupi, ndi zingwe zomwe zimafika ku kachitsulo ka m'kamwa mwa hatchi. Miyendo imapempha mphamvu kuchokera kumbuyo. Thupi likawongoka n'kukhala mozama m'chishalo, hatchi imafupikitsa sitepe. Manja amangolandira mphamvu ija n'kuiwongolera. Pa kulumpha kwenikweniko munthu amadzuka pang'ono m'chishalo, kulemera kuli pa zopondera, n'kupinda m'chiuno kutsata khosi la hatchi, manja akupereka chingwe. Kakhalidwe aka anakayambitsa ndi msilikali wa ku Italy, Federico Caprilli, kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Asanabwere iye, anthu ankatsamira chagada polumpha. Wokwera akatsalira m'mbuyo amakoka pakamwa pa hatchi ili m'malere, hatchiyo imadzutsa mutu, msana n'kulowa pansi, miyendo yakumbuyo n'kulendewera. Mtengo pansi.

Chomwe chimagwira munthu kuti asatsalire kapena kuponyedwa m'mwamba ndi minofu ya mkati mwa ntchafu, yomwe imakokera miyendo pamodzi. Imeneyo ndi imene Winkler anavulala. Munthu wopanda minofu imeneyi pa hatchi ya makilogalamu oposa 500 ali ngati thumba la chimanga losamanga pa njinga.

Winkler anabadwa pa 24 July 1926 ku Barmen, dera lomwe lero lili mumzinda wa Wuppertal. Bambo ake anali mphunzitsi wa kukwera mahatchi, ndipo anafera pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha mnyamatayu anapeza ganyu m'makola a ku Kronberg, pafupi ndi Frankfurt, komwe ankasamala mahatchi ndi kuphunzitsa akuluakulu a asilikali a America. Ganyuyo inamupatsa chakudya, koma inamudyera Olimpiki yake yoyamba. Lamulo la nthawiyo linkalola okhawo osalandira malipiro pa masewera awo, ndipo popeza iye anaphunzitsapo anthu molipidwa, ku Helsinki mu 1952 sanapite. Apa n'kuti atasamukira kale ku Warendorf, tauni yaing'ono ya m'chigawo cha Westphalia komwe Gustav Rau ankamanganso masewera a mahatchi a Germany pansi pa komiti ya Olimpiki ya okwera mahatchi, DOKR.

Halla anabadwa mu May 1945 pa famu ya Gustav Vierling ku Darmstadt. Pa pepala sanali kanthu. Bambo wake Oberst anali wa mtundu wothamanga ukukoka kangolo pa mipikisano, ndipo mayi wake Helene anali hatchi yochokera ku France yomwe makolo ake sankadziwika. M'dziko lomwe limanyadira mabuku a mibadwo ya mahatchi a Hanover ndi Holstein, uyu anali mwana wa m'tchire. Anamuyesa pa mpikisano wothamanga molumpha mipanda, kenako pa mpikisano wa masiku atatu wophatikiza zambiri, koma okwera angapo anamulephera. Anali wamanjenje, wosachedwa kupsa mtima, wosafuna kukokedwa pakamwa. Winkler anamutenga mu 1951.

Hatchi yotere siigonjetsedwa ndi mphamvu. Ukaikoka imalimbana nawe, ukaimasula kwambiri imathamangira chopinga ngati yolusa. Njira yake ndi yotopetsa: maola ambiri a ntchito ya pansi popanda kulumpha, kusintha liwiro, kuzungulira, kuima, kubwerera m'mbuyo, mpaka hatchi iyambe kumva kuwongoka kwa msana wa wokwera ngati lamulo lofupikitsa sitepe, manja asanachite kanthu. Kenako mitengo yoyala pansi ndi mizere ya zopinga zazifupi, momwe hatchi imaphunzira kudziyezera yokha ponyamukira, wokwera atangokhala chete. Ajeremani amakhulupirira kwambiri ntchito ya pansiyi, ndipo Winkler ankadziwika ndi khama lake pa iyo. Hatchi yomwe yaphunzitsidwa kudikira lamulo pa sitepe iliyonse imasokonezeka lamulolo likasowa. Yophunzitsidwa kuyang'ana yokha chopinga imapitiriza. Zaka zisanu za ntchito yotere ndi zimene zinalowa m'bwalo ku Stockholm masana aja.

Amene amati Winkler ananyamulidwa ndi hatchi yabwino amaiwala momwe anakhalira katswiri wa dziko lonse. Anapambana ku Madrid mu 1954 ndi ku Aachen mu 1955, ndipo mpikisano umenewo unali ndi ndime yomaliza yankhanza: okwera anayi otsogola ankasinthana mahatchi, aliyense n'kukwera onse anayi pa zopinga zomwezo, atangopatsidwa mphindi zochepa zozolowerana ndi hatchi yachilendo. Pamenepo sungabisale kuseri kwa hatchi yako. Uyenera kudziwa m'kanthawi kochepa kutalika kwa sitepe yake, kufewa kwa pakamwa pake, mbali yomwe imakonda kupendekera. Dongosololi linakhalapo mpaka mpikisano wa 2014 ku Caen, kenako FEI, bungwe loyendetsa masewera a mahatchi pa dziko lonse, linalichotsa. Mu 1955 momwemo Winkler ndi Halla anapambananso Derby ya ku Hamburg, yomwe ili ndi chitunda chotsetsereka cha mamita atatu, ndipo mu 1957 iye anakhala katswiri woyamba wa ku Ulaya ku Rotterdam atakwera hatchi ina, Sonnenglanz.

Olimpiki ya 1956 inali ya mzinda wa Melbourne, koma malamulo a Australia ankafuna kuti hatchi iliyonse yolowa m'dzikolo ibindikiritsidwe miyezi isanu ndi umodzi. Choncho masewera a mahatchi okha anawasamutsira ku Stockholm mu June, miyezi isanu ena onse asanayambe. Kulumpha kunali pa tsiku lomaliza, maraundi awiri, wam'mawa ndi wamasana, ndipo zotsatira zomwezo zinkawerengedwa pa mendulo ya munthu payekha ndi ya timu. Timu inali ya anthu atatu, onse owerengedwa: Winkler pa Halla, Fritz Thiedemann pa Meteor, ndi Alfons Lütke-Westhues pa Ala. Mmodzi akalephera kumaliza, timu yonse yagwa.

Bwalo linali lovuta moti pa raundi yoyamba panalibe amene anadutsa osalakwa. Winkler anali bwinobwino mpaka pa chopinga cha 13, chotsatizana ndi chomaliza. Pamenepo Halla anadzikhotetsa mwamphamvu m'malere, Winkler anaponyedwa m'mwamba, ndipo pofinya miyendo kuti asagwe mnofu uja unakoka. Anangokakamira m'chishalo, chopinga chomaliza n'kugwa. Zolakwa 4, komabe ali patsogolo pa onse.

Pakati pa maraundi awiriwo anamupatsa mankhwala amphamvu opha ululu, omwe anamuledzeretsa mpaka kuona zinthu mwachimbuuzi, ndiye anamumwetsa khofi wowawa kuti atsitsimuke. Atalowa m'bwalo sakanatha kufinya miyendo kapena kukhala mozama kuti afupikitse sitepe. Chomwe chinamutsalira chinali kuloza njira ndi zingwe, kusunga liwiro limodzi, ndi kusasokoneza. Owonerera ankamumva akukuwa ndi ululu pa kulumpha kulikonse. Halla anadziyezera yekha ponyamukira pena paliponse, ndipo mtengo sunagwe. Winkler anamaliza ndi zolakwa 4, Raimondo d'Inzeo wa ku Italy pa Merano ndi 8, mkulu wake Piero d'Inzeo pa Uruguay ndi 11. Pa matimu Germany inali ndi 40, Italy 66, Britain 69. M'timu ya Britain munali Pat Smythe, mkazi woyamba kulandira mendulo ya Olimpiki pa kulumpha, chifukwa chaka chimenecho n'chimene akazi analoledwa koyamba.

Kusasokoneza kumamveka ngati kusachita kanthu, koma wokwera aliyense amadziwa kuti ndi chinthu chovuta kwambiri. Munthu akamva ululu thupi lake limauma, ndipo manja amafuna pogwira. Pogwira pafupi ndi zingwe. Winkler akanadzichirikiza ndi pakamwa pa Halla ngakhale kawiri kokha, hatchi ya mtima wotere ikanadzutsa mutu n'kuyamba ndewu, ndipo nkhani ikanathera pa oxer yoyamba. Gawo lake la munthu tsikulo linali limenelo, pamodzi ndi kukumbukira njira ya zopinga 14 mutu uli zii.

Kutchuka komwe kunatsatira kumafuna kufotokoza kwina, chifukwa Germany inali itapambanapo kale golide wa kulumpha mu 1936 ndi Kurt Hasse, dzina lomwe lero ndi ochepa amalikumbukira. Mu 1956 nkhondo inali itatha zaka 11 zokha. Dziko linali logawika pawiri, mizinda ikumangidwanso, ndipo ku Olimpiki ya 1948 Ajeremani sanaitanidwe n'komwe. Anthu ankalakalaka chinthu chonyadira chopanda magazi m'manja. Mu 1954 anachipeza pa mpira, timu yawo itagonjetsa Hungary 3-2 ku Bern. Zaka ziwiri pambuyo pake anachipeza mwa mwana wamasiye wa nkhondo ndi hatchi yopanda mbiri ya makolo yobadwa mwezi womwe nkhondo inatha. Ndiponso hatchi sinali nyama yachilendo kwa munthu wamba: m'midzi yambiri inali ikadakoka khasu ndi ngolo, thirakitala isanafalikire. Nkhaniyo inayenda pa wailesi, m'manyuzipepala ndi m'nkhani zoonetsedwa m'makanema filimu isanayambe. Halla anapatsidwa dzina loti Wunderstute, hatchi yaikazi yozizwitsa. Atolankhani a zamasewera anasankha Winkler kukhala katswiri wa chaka wa West Germany mu 1955 ndi mu 1956.

Kulemekezedwa ndi kukondedwa n'zosiyana, ndipo pa kukondedwa Winkler ankapikisana ndi mnzake wa m'timu. Fritz Thiedemann anali mwana wa mlimi wa ku Holstein, wofatsa, wokwera Meteor, chihatchi chonenepa chomwe chinayamba moyo wake chikukoka ngolo ya mkaka. Anthu wamba ankadziona okha mwa awiriwa, ndipo Meteor ali ndi chipilala chake mumzinda wa Kiel. Winkler ankaoneka wouma, wowerengera chilichonse, wovala mwaudongo, wosafuna kugonja ngakhale pa kanthu kakang'ono. Kumene kunamufewetsa m'maso mwa anthu kunali kuyamikira kwake hatchi. Munthu wodzidalira chotero akamanena poyera, chaka ndi chaka, kuti hatchi ndiyo inamupulumutsa, anthu amamukhululukira zambiri. Mwina ankadziwanso kuti nkhani ikakambidwa choncho imakoma kuposa kufotokoza za maola a ntchito ya pansi ku Warendorf.

Halla anapambananso Grand Prix ya ku Aachen mu 1957, n'kuthandiza timu kutenga golide wina ku Rome mu 1960, limodzi ndi Thiedemann ndi Alwin Schockemöhle. Chaka chomwecho anapuma, atapambana mipikisano 125. Anabwerera ku Darmstadt kwa mwini wake, chifukwa pa zaka zonsezi sanakhalepo wa Winkler. Anabereka ana asanu ndi atatu, ndipo palibe amene anafika pa mayi wake, zomwe sizidabwitsa oweta mahatchi. Anafa mu May 1979 ali ndi zaka 34, msinkhu waukulu kwambiri kwa hatchi. Bungwe la okwera mahatchi la Germany linatseka dzina lake kuti hatchi ina isalembetsedwenso nalo pa mipikisano, ndipo ku Warendorf kuli chifanizo chake chamkuwa.

Umboni waukulu wa luso la Winkler uli m'zaka zomwe Halla anali atachoka. Ku Tokyo mu 1964 anatenga golide wa timu pa Fidelitas, ndi Hermann Schridde ndi Kurt Jarasinski. Ku Mexico City mu 1968 timu inapeza mendulo ya mkuwa, iye ali pa Enigk. Ku Munich mu 1972 anali ndi zaka 46, ndipo kusankhidwa kwake kunautsa mkangano pakati pa okwera anzake. Anakwera Torphy, pamodzi ndi Fritz Ligges, Gerd Wiltfang ndi Hartwig Steenken, ndipo Germany inamaliza ndi zolakwa 32, America 32.25. Kota ya pointi, sekondi imodzi ya kuchedwa, ndi imene inasiyanitsa golide ndi siliva. Ku Montreal mu 1976 ananyamula mbendera ya dziko lake pa mwambo wotsegulira, n'kutenga siliva wa timu pa Torphy yemweyo. Maolimpiki asanu ndi imodzi motsatizana, mendulo pa iliyonse: golide 5, siliva 1, mkuwa 1, pa mahatchi anayi osiyana.

Masewerawa amalola zotere chifukwa mapapo ndi miyendo yothamanga ndi za hatchi. Munthu amabweretsa diso loyeza mtunda, kukhazikika, ndi luso lopeza mahatchi. Chomalizachi anthu amachiiwala. Hatchi imayamba kuphunzira ili ndi zaka zitatu kapena zinayi, imafika pa zopinga za 1.60 ili ndi zaka pafupifupi 9, ndipo imakhala pachimake mpaka 15 kapena kupitirira pang'ono ngati misempha ya miyendo yapirira. Wokwera wofuna kukhala pamwamba zaka 20 ayenera kukhala ndi mahatchi aang'ono m'khola pamene wamkulu akupambana, ndi eni chuma omwe akuvomera kugula hatchi n'kusaigulitsa ikayamba kuwala. Winkler anatsanzika pa 13 July 1986 m'bwalo la ku Aachen, lomwe lero limalowa anthu 40,000, kutatsala masiku ochepa kuti akwanitse zaka 60. Pambuyo pake anaphunzitsa, anakonza mipikisano, anafunafuna makampani othandiza masewerawa, n'kukhazikitsa mipikisano ya achinyamata yomwe ina inkatsata dongosolo lomwe linamutchukitsa, losinthana mahatchi. Anamwalira pa 9 July 2018 ku Warendorf ali ndi zaka 91.

Pa kulumpha palibe amene wafika pa golide asanu. Pa masewera a mahatchi onse anapitiriridwa ndi Ajeremani anzake a mpikisano wa kuyendetsa hatchi mwaluso popanda zopinga, Reiner Klimke ndi Isabell Werth. Wolumpha amene anayandikira kwambiri ndi Ludger Beerbaum: golide wa timu mu 1988, 1996 ndi 2000, ndi wa payekha ku Barcelona mu 1992 pa Classic Touch. Wachisanu anamugwira m'manja ku Athens mu 2004, koma m'thupi la hatchi yake Goldfever anapezamo mankhwala a betamethasone, omwe Beerbaum anati anachokera m'mafuta opaka pa khungu lotupa la mwendo. Zotsatira zake zinafufutidwa, golide anapita ku America, Germany n'kutsikira pa nambala yachitatu. Lamulo ndi loti hatchi isapikisane ili ndi mankhwala otere m'thupi, kaya anaperekedwa ndi cholinga chotani, chifukwa nyama singanene kuti ikumva kuwawa ndipo mankhwala obisa ululu angaichititse kudzipweteka koposa.

Kodi zomwe anachita Halla zingachitikenso lero? N'zokayikitsa, ndipo chifukwa chake chili m'mitengo. Zopinga za m'ma 1950 zinali zikuluzikulu, zodzaza, zokhala ndi makoma, tchire ndi mitengo yolemera yomwe nsonga zake zinkakhazikidwa m'timakapu takuya. Zinkaopsa maso, koma hatchi inkaziona bwino n'kuzilemekeza, ndipo kukhudza pang'ono sikunkagwetsa kanthu. Pakati pa zopinga panali mpata wopumira. Lero mitengo ndi yopepuka, timakapu n'tosaya, pafupifupi masentimita awiri, ndipo pa mtengo wakumbuyo wa oxer amaika makapu omwe amamasuka okha hatchi ikaugwera, kuti isapunthwe. Zopinga zina ndi thabwa limodzi lopyapyala pamwamba pa mpata wopanda kanthu, lopakidwa mtundu womwe umasokonezeka ndi mchenga. Mitunda imaikidwa dala pa theka la sitepe, nthawi ndi yothina moti sekondi iliyonse yopitirira ndi pointi yathunthu, ndipo wokhota motambalala kuti apeze mpata amalipira pa wotchi. Bwalo lotere limafunsa wokwera funso pa masitepe atatu kapena anayi alionse. Munthu wongoloza njira sangaliyankhe, ngakhale hatchi yake itakhala yanzeru chotani.

Chimodzi chokha cha 1956 chinabwerera: kuyambira ku Tokyo mu 2021 timu ya Olimpiki ndi ya anthu atatu, onse owerengedwa, ndipo wokwera wovulala angakumanenso ndi funso lomwe Winkler anakumana nalo masana aja.

Pa 6 August 2024, ku Versailles, okwera atatu okha mwa 30 anadutsa bwalo lomaliza la Olimpiki ya Paris osalakwa, ndipo anabwerera kukapikisana pa zopinga zochepa mothamangitsana ndi wotchi. Steve Guerdat wa ku Switzerland ndi Maikel van der Vleuten wa ku Netherlands anagwetsa mtengo umodzi aliyense. Christian Kukuk pa Checker sanagwetse, anamaliza m'masekondi 38.34, n'kukhala Mjeremani wachisanu ndi chimodzi kutenga golide wa payekha pa kulumpha, pambuyo pa Hasse, Winkler, Alwin Schockemöhle, Beerbaum ndi Ulrich Kirchhoff. Luso lake analiphunzira m'khola la Beerbaum ku Riesenbeck, ndipo anabadwira ku Warendorf, komwe chifanizo cha Halla chaima.